Akunenepetsa Mkwatibwi ndi Mapilitsi Anga a Nyamakazi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka za m'ma fote. Ndimakhala ku Domasi, kwa Malemia, ndipo ndimagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya sukulu ina cha ku Malosa. Mayina onse a m'kalatamu ndasintha, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno aliyense wowerenga azindikira ndi nkhuku zathu zomwe. Zilibe kanthu. Ndatopa.

Zaka zingapo zapitazo manja anga anayamba kundikana. M'mawa ndikadzuka zala zinkakhala zitauma, zitatupa m'mfundo, dzanja lamanja ndi lamanzere mofanana ngati zachita kupangana. Kumanga chitenje inali ntchito. Kufinya zovala ndinasiya. Mabatani a bulauzi ankandimangira ndi amuna anga, a Horace, amene ndi awo omwe amamanga mophonyetsa. Ku ofesi ndinkayamba ndafumbatira kapu ya tiyi mpaka zala zitavomera kugwira ntchito. Kenako zinalowa m'mawondo ndi m'mapazi. Chakudya chinasiya kundikomera, ndipo ndinaonda kwambiri.

Inu mukudziwa zimene anthu amaganiza mayi akaonda. Palibe amene anandifunsa. Ankangondipatsa moni motsitsa mawu, moni wa pamaliro uja, ndipo kutchalitchi anayamba kuwayang'ana a Horace ndi diso lina, munthu woti ulendo wake wautali ndi wa ku Songani kukagula mabatire a wayilesi.

Nditazungulira ndi mankhwala opaka, azitsamba ndi zina zotero, kuchipatala ku Zomba anandiyeza magazi nkundiuza kuti ndi nyamakazi, koma osati ya ukalamba ija. Anati iyi ndi ya mtundu umene chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka nkuyamba kumenya mfundo za mwini wake yemwe. Mwa mankhwala amene anandipatsa munali timapilitsi toyera, ting'onoting'ono, totchedwa puledinisoloni, tomwa m'mawa uliwonse.

Sindinganame, timapilitsi timeneti tinandibwezera manja anga. Koma tinabwera ndi alendo. Njala yake ndi yosamva. Ndikamatsuka mbale, m'mimba mumakhala mukufunsa kale kuti china chili kuti. Masaya anatuluka, nkhope nkukhala yozungulira. Mimba inatsogola. Kuseri kwa khosi kunamera kalinunda. Koma mikono ndi miyendo ndiye inapitiriza kuonda, moti ndikadziyang'ana pagalasi ndimaona dzungu loimikidwa pa timitengo. Ndikangogunda chitseko pang'ono, khungu limada pomwepo. Shuga anakweranso, ndipo adokotala akhala akunditsitsira mlingo pang'onopang'ono.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiyankha kuti mafuta a m'thupi si katundu wongokhala, amatulutsa mahomoni awo, ndipo matendawa ndi mankhwalawa onse amawasokoneza. Ndinkafuna kufunsa zambiri, koma pakhomo panali patasuzumira kale wodwala wotsatira, ndodo ili m'manja. Limenelo ndi funso langa loyamba kwa inu, ngakhale si limene landilembetsa kalatayi.

Kwathu kuno kunenepa kwangako kunalandiridwa ngati mvula yoyamba. Amayi anzanga anandizungulira panja pa tchalitchi. Wina anati, "Koma ndiye mwachira, amake Paul. Taonani masayawo, ngati a mwana wa kusikelo." Wina anapita kukawagwira chanza a Horace. "Bambo, mwayesetsa. Amuna ena atengere inu." A Horace analandira ulemuwo ndi manja awiri, ngati anachita kundidyetsa okha ndi supuni. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi mankhwala, kuti kunenepa kumeneku ndi mbali ya vuto, koma ndani amamvera munthu wonenepa akamadandaula? Nditaonda ankati ndikufa. Lero ndili ndi shuga ndi linunda, akuti ndili pabwino.

Tsopano nkhani yake. Achemwali anga aakulu, a Iness, nyumba yawo ndi yanga zinayang'anizana pa malo amene anatisiyira amayi athu. Ndi amasiye. Ali ndi mwana wamkazi, Tisungeni, amene ukwati wake ndi wa mwezi wamawa. Mnyamata wake ndi Keith, mphunzitsi wa kupulayimale, munthu wabwinobwino. Tisungeni anabadwa wochepa thupi. Anatengera malemu bambo ake, amene lamba aliyense akagula ankayamba amuboola bowo lina ndi msomali. Mwanayo amadya bwino, amasenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo osapumira panjira, ndipo sanagonepo m'chipatala.

Pa chinkhoswe, azakhali ake a Keith anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anawakokera a Iness pambali. "Mwanayu ngwaulemu, tamukonda. Koma ali bwinobwino? Kwathu akazi amakhala ndi pogwira." A Iness anabwera kunyumba atatupa ngati finye. Anawo anakayezetsa magazi limodzi asanalembetse ukwati, ndipo zonse zili bwino. Koma achemwali anga akuti zotsatira za kuchipatala sizikhala pampando wa kutsogolo tsiku la ukwati. Pamakhala mkwatibwi, ndipo anthu amayeza ndi maso.

Anayamba ndi zimene aliyense amachita. Phala la nsinjiro m'mawa, majarini m'phalamo, mapeyala, chiponde. Mwanayo ankadya mwaulemu, osasintha ndi pang'ono pomwe. Kenako anapita naye kwa telala kukasoketsa diresi. Telala atamuyeza, a Iness anamuuza kuti awonjezere chikhatho chathunthu m'chiuno ndi pachifuwa. Telalayo akuti anafunsa ngati pali nkhani ina imene tepi yake iyenera kudziwa. A Iness anati, "Inu sokani basi. Mwini wake alipeza m'njira." Ndiye diresi lilipo, Aphungu, lapachikidwa kuchipinda, likudikira munthu woti kulibe.

Zonsezi ine ndinkangoseka. Ndinali ndi botolo la mapilitsi otsala a nthawi imene mlingo wanga unali waukulu, ndipo linkangokhala kuseri kwa mafuta odzola. Tsiku lina ndinalipeza lili mbee, ndinaganiza kuti mwina ndinamaliza ndekha nkuiwala. Kenako botolo limene ndikumwa pano nalo linayamba kutsika msanga. Ndinayamba kudumphitsa masiku ena kuti ndikafike nawo tsiku la kuchipatala, ndipo mawondo anandikumbutsa msanga kuti iwo sadumphitsa. Nthawi yomweyo masaya a Tisungeni anali akudzaza, a Iness nkumayenda ngati apambana pa chionetsero cha zaulimi. Sindinazilumikize. Ndani amaganizira mchemwali wake kuti angabe mankhwala a nyamakazi?

Loweruka lina ndinabwerera panjira ya kumsika nditaiwala jumbo, nkuwapeza a Iness kuchipinda kwanga, botolo lili m'manja, akukhuthulira pakona ya chitenje ngati akumanga mchere. Sanadzidzimuke nkomwe.

"Ndimati ndikuuze," anatero. "Iwe wanenepa kale. Otsalawa ukufuna ufike nawo pati?"

Ndinati, "Achemwali, awa ndi mankhwala a matenda. Si feteleza."

"Matenda ake ati? Wodwala amaoneka chonchi? Mudzi wonse ukuona zimene akuchitira. Mwana wa m'bale wako akungofuna pang'ono mpaka ukwati udutse, iwe ukuchita umbombo."

Nditawapanikiza anavomera kuti akhala akumupatsa kwa pafupifupi miyezi iwiri, m'mawa uliwonse, nthawi zina nkuwonjezera kuti zifulumire. Anamuuza kuti ndi mavitamini. Ndinapita kwa Tisungeni yemweyo, ndinamupeza akusita. Anayang'ana pansi nkunena kuti, "Ine ndimayesa mukudziwa, amayi aang'ono. Amayi anati mwatumiza ndinu."

Lolemba lake ndinanyamula botolo nkukalitsekera mu dirowa ya ku ofesi. Ndimamwera komweko, ndipo a Loweruka ndi Lamulungu ndimayenda nawo m'kachikwama. Nkhani ya mavitamini inathera pomwepo, koma inayamba ina. A Iness sakundiyankha moni. Akuuza anthu kuti ndili ndi nsanje chifukwa ana anga onse ndi aamuna, sindidzaperekeza mkwatibwi. Anapita kwa bambo wina wogulitsa mapilitsi pathebulo pamsika, koma poti dzina la mankhwala sakulidziwa, anangoti akufuna toyera ting'onoting'ono tonenepetsa. Bamboyo akuti anawayalira mitundu yambirimbiri, yonse yoyera, yonse ing'onoing'ono, nkuwauza kuti asankhe. Anabwerera osagula, ndipo tsopano akutuma anthu kudzandifunsa dzinalo mozungulira. Mayi wina wandifunsa kale, akuti ndi za apongozi ake.

Ndinawadandaulira a Horace. Anati, "Ine ndine mkamwini, ndinabwera ndi sutikesi yokha. Za mbumba yanu zindipitirire." Ndinapita kwa achimwene athu, a Jonasi, amene ndi malume ake a mwanayo komanso nkhoswe yake. Anamvetsera mwachifatse, anakanda chibwano, nkugamula kuti, "Bwanji muzingogawana pakati? Theka inu, theka mwanayo. Aliyense akhutire, ukwati udutse mwamtendere." Akulu amenewa anaphunzira mpaka Fomu Folo ngati ine ndemwe.

Powonjezera apo, chiyambire sabata ino Tisungeni wangofooka. Akuti thupi lonse likuphwanya, akaimirira akuchita chizungulire, chakudya sakuchifuna, ndipo dzulo wasanza kangapo. Kumjigo anachita kukhala pansi, anzake nkumusenzera ndowa. A Iness anaima pakhonde pawo nkulankhula mokweza ngati akuuza mtengo wa mango, "Ena akondwe tsopano. Ammana mwana mankhwala, taonani mmene wathera." Anthu ena ayamba kale kuwerengera miyezi pa zala. Ine ndikuganiza kuti ndi poizoni uja akutuluka m'thupi, kuphatikizapo nkhawa ya ukwati, ndipo zitha zokha. Ndinanenako za kuchipatala, a Iness anakana kwamtuwagalu. Akuti mkwatibwi akakaoneka pamzere wa kuchipatala akusanza ukwati uli pafupi chonchi, nkhani ikafika kwa azakhali a Keith minibasi isanadzaze.

Ndiye Aphungu, ndithandizeni. Mankhwala amenewa amachita chiyani kwenikweni ndi mafuta a m'thupi, m'mawu oti achemwali anga angamve? Ndiwatsimikizire bwanji kuti kunenepa kwanga si kuchira? Keith ndimuuze, kapena ndiye kuti ndapasula ukwati wa mwana? Ndipo mundiuze poyera ngati ndinalakwa kutseka mankhwala anga, chifukwa pakhomo pano wolakwa ndatsala ndine ndekha.

M. J., Domasi


Amayi M. J.,

Kalata yanu nditaiwerenga sindinadikire tsiku la nyuzipepala. Ndinaimba nambala imene munalemba pansi, sinayankhidwe, ndipo ndinasiya uthenga. Ngati simunauone, ndi uwu. Mutengereni Tisungeni kuchipatala lero. Osati mawa, osati ukwati ukadutsa.

Mwandilembera bwino za telala, za sutikesi ya a Horace ndi za nzeru za a Jonasi, ndipo ndaseka. Koma nkhani yaikulu mwaiika kumapeto ngati ndiwo zotsala. Ine si dokotala, choncho ndinatenga kalata yanu nkukamuwerengera dokotala wina amene ndimamufunsa nkhani zotere. Nditafika pa chizungulire ndi kusanza, dokotalayo anasiya kumwetulira.

Chifukwa chake ndi ichi. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga homoni yofanana ndi puledinisoloni. Homoni imeneyo ndi imene imathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yokwanira ndiponso kuti thupi lipirire likakumana ndi matenda. Munthu akamamwa puledinisoloni tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri, tiziwalo timeneti timaona kuti ntchito yatha, nkugona. Mapilitsi akasiyidwa mwadzidzidzi, sitidzuka tsiku lomwelo. Thupi limatsala lopanda ya m'botolo, lopandanso yakeyake. Zizindikiro zake ndi zomwe mwalembazo, kufooka, kuphwanya kwa thupi, chizungulire, kusanza. Zikapitirira munthu amatha kukomoka, ndipo ena amamwalira. Si poizoni akutuluka. Ndi chifukwa chomwechi adokotala anu amakutsitsirani mlingo pang'onopang'ono m'malo mongokuuzani kuti siyani.

Mwina ndi malungo. Mwina owerengera miyezi aja alondola. Sindikudziwa, inunso simukudziwa, ndipo a Iness ndiye sakudziwa kuposa tonse. Amene angadziwe ndi woti amuyeze. Nyamulani botolo, mukalionetse, mukanene kuti wamwa kwa nthawi yaitali bwanji, angati pa tsiku, ndi tsiku limene anasiya. Nkutheka kuti akamuyambitsanso mankhwala omwewo kuti amutsitse mwadongosolo. Zikatero musakadabwe, ndipo a Iness asakavine kuti apambana. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala, si yoti muyesere kunyumba ndi theka la a Jonasi. Mukaona kuti akusanza chilichonse, akulankhula zosokonekera kapena akulephera kuima, musadikire minibasi. Pezani galimoto. Mkamwini amatha kuitana galimoto, ngakhale anabwera ndi sutikesi yokha.

Musananyamuke, chitani chinthu china. Mwalemba kuti puledinisoloni ndi amodzi mwa mankhwala amene anakupatsani. Odwala nyamakazi yanuyi ambiri amapatsidwanso mapilitsi ena omwa kamodzi pa sabata, otchedwa metotirekiseti. Ngati muli nawo, aoneni ngati ali onse, ndipo muwafunse a Iness maso ndi maso ngati anagwirako. Munthu wotola mankhwala poyang'ana kukula kwa pilitsi sawerenga pabotolo. Amenewo akamwedwa tsiku ndi tsiku amapha, ndipo amawononga mwana wa m'mimba. Kwa mtsikana wolowa m'banja, achipatala ayenera kudziwa.

Munalakwa kutseka mankhwala? Kuwateteza simunalakwe. Ndi anu, ndipo amene analowa kuchipinda kwa mwini wake nkunamiza mwana kuti mwatumiza ndinu ndi a Iness. Chimene chinasowa ndi kupita ndi mwanayo kuchipatala Lolemba lomwelo. Simunkadziwa. Tsopano mwadziwa, ndiye tisataye nthawi ndi kufufuza wolakwa wamkulu.

Za mafuta a m'thupi, adokotala anu ananena zoona. Ambirife timaganiza kuti mafuta ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, chongodikira chaka cha njala. Ayi. Mafuta amalankhula ndi thupi lonse kudzera m'mahomoni amene amatulutsa. Ina imatchedwa leputini. Ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti chakudya chosungidwa chakwana, munthu achepetse kudya. Imakhudzanso chitetezo cha m'thupi, ndipo imatha kukolezera kutupa. Ina imatchedwa adiponekitini, imene imathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga bwino, ndipo kawirikawiri imachepa mafuta a pamimba akamachuluka.

Nyamakazi yanu isanagwiridwe, kutupa kunali ngati moto wosazima m'thupi. Kunkakudyerani minofu ndi kukuphera chilakolako cha chakudya, nchifukwa chake munaonda. Mankhwala atazimitsa motowo, chilakolako chinabwerera, ndipo mbali ina ya thupi limene munabweza ndi kuchira kwenikweni. Pamenepo amayi a kutchalitchi aja sanalakwitse zonse. Koma puledinisoloni saima pomwepo. Amasamutsa mafuta nkuwaunjika kumaso, kuseri kwa khosi ndi pamimba, kwinaku akudya minofu ya m'mikono ndi m'miyendo. Leputini imatha kukwera, kutanthauza kuti mafuta akuuza ubongo kuti zakwana, koma njala osaleka, chifukwa mankhwalawo akukoka mbali inayo. Ndiyo njala ya potsuka mbale ija. Mafuta a pamimbawo nawo amatulutsa zinthu zokolezera kutupa ndi zovutitsa thupi pa nkhani ya shuga. Mmene mankhwala osiyanasiyana a nyamakazi amasinthira mahomoni amenewa, akatswiri akufufuzabe ndipo sanagwirizane chimodzi, makamaka pa adiponekitini. Musavutike kufuna kuwayezetsa. Zoyenera kuyang'anira inu ndi shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kukula kwa chiuno.

Ndiye onani kusiyana kwake. Inu mumalandira mavuto onsewa posinthanitsa ndi manja ogwira ntchito, ndipo pali dokotala amene akuyang'anira kuti kusinthanitsako kusakupwetekeni. Tisungeni analibe moto woti uzimitsidwe. Wangolandira mavuto okhaokha, kuphatikizapo kufooka kwa chitetezo cha m'thupi ndi kwa mafupa, kuti masaya akondweretse azakhali a mwini.

A Iness musawaphunzitse leputini, sakumverani. Simudzawagonjetsanso pakhonde, anthu akuonerera. Iwo amakhulupirira maso, ndiye apatseni zoona ndi maso. Aitanireni kuchipinda, tsekani chitseko, muvule. Aonetseni linunda, mimba, timiyendo, ndi mabala akuda a pakhungu. Iwo akhala akuona nkhope yokha, ndi zimene chitenje chimalola. Kenako afunseni ngati ndi thupi limenelo akufuna kuti mwana wawo alowe nalo m'banja. Ndipo pochita zimenezo kumbukirani kuti si mfiti. Ndi mayi wamasiye amene anaona mmene mudzi unkakupatsirani moni mutaonda, ndipo akuopa moni womwewo pa mwana wake. Manthawo ndi omveka. Zimene achita nawo ndiye zopusa, ndipo zikanatha kupha.

Dzina la mankhwala musawauze, ngakhale atume apongozi a ndani. Ndikudziwa kuti ndalilemba pano, ndiye ndinene kwa aliyense amene akuwerenga ndi maganizo a a Iness, chifukwa sali okha. Mapilitsi a pathebulo la pamsika, ogulidwa poyang'ana mtundu ndi kukula, si chakudya. Amene amakugulitsani sadzakhalapo tsiku limene mwana wanu adzagwe pamjigo.

Diresi libwerere kwa telala akalibweze. Ndi ntchito ya masana amodzi. A Jonasi, poti amakonda mtendere, apatseni ntchito yawo yeniyeni. Mawu a azakhali aja ananenedwa pa chinkhoswe, ndiye ndi nkhani ya ankhoswe. Apite kwa nkhoswe ya kuchimuna akanene mwaulemu kuti mwanayu thupi lake ndi lomweli, ndi la kwa bambo ake, ndipo amene akukwatira analiona asanafunsire.

Za Keith, si inu woyamba kumuuza. M'kalata yanu yonse aliyense walankhula mokwanira, ndi telala yemwe, koma Tisungeni walankhula kamodzi, akuyang'ana pansi. Ndi munthu wamkulu. Wanamizidwa ndi mayi ake, wamwetsedwa mankhwala osawadziwa, ndipo palibe amene wamufunsa ngati iye mwini amafuna kunenepa. Mufotokozereni zonse monga ndakufotokozerani. Ine ndingamulangize kuti amuuze Keith yekha, msanga, asanamve kwa a pa siteji. Mwamuna amene angathawe chifukwa chakuti mkazi wake anamwetsedwa mapilitsi mosadziwa, kuli bwino athawe diresi lisanavalidwe. Koma mawuwo achokere pakamwa pa Tisungeni.

Inunso muli ndi mlandu wanu ndi thupi lanu. Kudumphitsa masiku kuja ndi ngozi yomweyi imene yagwera mwanayo. Mukakhala kuchipatalako muuzeni dokotala wanu kuti mankhwala anaperewera, chifukwa chake, ndi kuti munkadumphitsa. Mufunseni ngati mankhwala anu ena akugwira mokwanira kuti puledinisoloni apitirize kutsika. Otsala musamasungenso kuseri kwa mafuta odzola, muziwabweza kuchipatala. Chepetsani mchere ndi shuga wa mu tiyi uja, idyani masamba ndi tinsomba todya ndi minga yomwe chifukwa cha mafupa, ndipo muziyenda mmene mawondo angalolere.

Chenjezo langa ndi ili. Mukakafika pamaso pa achipatala, a Iness akadzakhalapo adzafuna kunena kuti ndi malungo chabe, kapena kuti mwana wadya zosayenera, kuti dzina la banja lisade. Musakalole. Achipatalawo akapanda kumva za mapilitsi adzamupatsa mankhwala a matenda ena nkumubweza kunyumba ali chimodzimodzi. Ndipo a Iness akatseka pakhomo kuti mwana asapite, musakambirane nawo. Funsani Tisungeni yekha ngati akufuna kupita, mumugwire mkono, muzipita. Adzakunenani kuti mwachititsa banja manyazi pamzere wa kuchipatala, ndipo mwina pa ukwatiwo adzakukhazikani kumbuyo, pafupi ndi ophika. Vomerani. Mlandu wa manyazi ankhoswe amaukamba nkutha. Winawo ulibe nkhoswe.

Aphungu